Chithumwa cha a Mesitiri Mphamba

Ku Ulongwe mukafunsa za a Raimundo Chakondwa, anthu ayamba akanda kaye m'mutu. Koma nenani kuti a Mesitiri Mphamba, ngakhale mayi wogulitsa tomato akulozerani ndi mlomo kumene ali. Dzinali linabwera chifukwa cha maso awo. Akuti pa unyamata wawo ankaona mng'alu pa chitsulo cha ngolo mwini wake asanadziwe n'komwe kuti ngoloyo ikudwala, ndipo othira mchere pa nkhani amanena kuti tsiku lina anawotcherera singano ya makina osokera imene inathyoka pakati. Palibe amene anaionapo singanoyo. Koma a Raimundo sanakanepo, chifukwa sanali munthu wotsutsa anthu akamawanenera zabwino.

Anabadwira cha ku Fonte Boa, m'banja la alimi a chimanga ndi mbatata ya kachewere. Nkhondo itafika m'midzi anawoloka malire n'kuthawira ku Dedza ali mnyamata, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira ntchito kwa mkulu wina wokonza ngolo. Anabwerera mu 1994 ndi katundu wa mitundu iwiri: makina owotcherera okulunga pamanja, olemera ngati mwana wa ng'ombe, ndi mkazi dzina lake Zita. Kwawo kwa a Zita kunali tsidya la dambo lomwelo limene a Raimundo anakulirako, koma zinatengera nkhondo yathunthu ndi malire a dziko kuti awiriwa aonane.

Kuchokera pamenepo theka la zitseko za mu Ulongwe linadutsa m'manja mwawo. Anapanga mawindo, ngolo, mbaula, ndi makaliyala a njinga za anyamata a ku Kalomwe, aja onyamula matumba atatu a kachewere ngati akunyamula mapilo. Ntchito yawo inkadziwika ndi mzere. Pamene alumikiza zitsulo ziwiri pankatsala kamzere kosalala, koluka bwino, koti anthu ankakasisita ndi chala asananyamule katundu wawo.

Ukalamba sunawalowere m'mawondo ngati anzawo. Unasankha pomwe panali dzina. Atakwanitsa zaka makumi asanu anayamba kudandaula kuti osindikiza mabuku a nyimbo masiku ano akuumira, zilembo zikuchepera chaka ndi chaka. Ku tchalitchi bukulo linkapita patali pang'onopang'ono mpaka mkono unatha. Ku ofisina kwawo, kumene ankawotchererako zitsulo, zinali zoopsa kuposa pamenepo. Akatsitsa masikara otchinga kumaso n'kuyatsa moto, m'malo moona kadziwe ka chitsulo chosungunuka kamene mmisiri amakatsogolera pa mzere, ankangoona chimtambo chowala. Kwa miyezi ingapo anawotcherera ndi makutu, kumvetsera kulira kwa moto, manja akukumbukira okha njira. Koma tsiku lina chitseko cha sitolo ina chinabwezedwa, mwini wake akufunsa mwaulemu ngati ntchitoyo inagwiridwa ndi wophunzira. A Raimundo anavomera kuti inde, ndipo anamukalipira kwambiri wophunzira amene kunalibeyo.

Chaka chomwecho a Zita anagula mandala owerengera pa msika wa ku Dedza, kuti aziona bowo la singano. Amuna awo anawaseka sabata yathunthu, kumawatcha a dotora. Kenako tsiku lina a Zita ali kudimba, iwo anavala mandalawo kuti aone chimene akhala akusekacho. Anaona mizere ya m'manja mwawo, tizipsera tonse ta moto, ngakhale kaminga kamene kanawavutitsa masiku atatu. Anakhala kaye pansi. Kugula awoawo kunali kosatheka, chifukwa wogulitsa mandala amakupatsa nyuzipepala kuti uyesere pakati pa msika, ndipo ngakhale ku Dedza theka la anthu a pamsika ndi a ku Ulongwe omwe. Choncho anachita chimene chinawaonekera chaulemu pa zonse. Anaba mandala a akazi awo.

Galasi limodzi analitomola n'kulimata ndi fita yakuda, tepi ija ya amagetsi, mkati mwa masikara, moyang'anizana ndi diso lamanja. Lamanzere ankangotsinzina, poti m'masikara mulibe amene amakuona. Chigoba cha mandalawo, ndi galasi lotsalalo, anachikulunga m'kansalu n'kuchibisa pansi pa mabawuti akale m'chitini china, m'kachipinda ka zipangizo kunyumba. A Zita atayamba kufufuza, palibe amene anafufuza mwakhama kuposa amuna awo. Ananyamula bedi. Anakhuthula dengu la nyemba. Anakasuzumira mpaka m'khola la nkhumba, n'kubwerako ndi ganizo lakuti mwina ndi adzukulu. A Zita anawayang'ana akutuluka thukuta choncho, n'kungoti, "Zisiyeni, bambo a Flavia. Nyimbo ndimazidziwa pamtima." Ndipo sanagulenso ena.

Patapita zaka ziwiri kunatsegulidwa kasukulu ka ntchito zamanja kuseri kwa msika. Pofuna mphunzitsi wa zowotcherera panalibe zokambirana zambiri. Anatenga maso abwino koposa m'dera lonselo.

Ophunzira ambiri ankabwera ndi dandaulo limodzi: "Mesitiri, sindikuona." Galasi la masikara ndi lakuda bii, ndipo munthu watsopano akalitsitsa amakhala ngati walowa m'nkhokwe. A Raimundo vutoli ankalidziwa kuposa mmene akanavomerera, ndipo njira zonse zimene anatulukira podzithandiza okha anazisandutsa malamulo a mu ofisina. Palibe wowotcherera atafulatira khomo. Chifukwa chake chinali chakuti dzuwa likalowera kumbuyo limawala mkati mwa galasi, munthu n'kumangoona nkhope yake. Koma iwo sankafotokoza. Aliyense ankayenera kupachika kansalu kakuda kumbuyo kwa masikara, kophimba khosi. Asanayatse moto ankajambula mzere woyera ndi jizi, choko cha m'kalasi, m'mbali mwa polumikizira. M'mawa uliwonse ankatsuka galasi loyera la kunja ndi sopo, kulikweza kumwamba n'kuliyang'ana. Ndipo lamulo lalikulu pa onse linali lakuti masikara a mesitiri sakhudzidwa ndi munthu. Ankapita nawo kunyumba m'thumba, ndipo kamodzi anaoneka nalo thumbalo kumaliro.

Tangoganizani inuyo. Nsalu yakuda, mzere woyera, kuyang'ana kukhomo, kuloza kumwamba m'mawa, ndi chinthu chosakhudzidwa. Mwezi usanathe Ulongwe yense anali atadziwa kuti m'masikara a Mphamba muli chithumwa. Ena ankati anachitenga kwa sing'anga wa ku Dedza nthawi ya nkhondo. Ena ankati muli diso lenileni la mphamba, louma. Nkhaniyi itawapeza a Raimundo, mwamuna wokhala pa benchi yachiwiri ku tchalitchi, anakondwa mumtima. Kunamiziridwa mankhwala kuli ndi ulemu wake. Anthu amakupatsa njira. Koma kunenedwa kuti wakalamba, maso atha, anthu amakupatsa mpando.

Chomvetsa chisoni, kapena choseketsa, n'chakuti malamulowo ankathandizadi. Ana a eni ake ankayamba kuona kadziwe kaja, mizere yawo n'kuwongoka, ndipo ankathokoza chithumwa. Wina akapitirizabe kudandaula, mesitiri anali ndi yankho limodzi lokha: "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Zinayenda choncho zaka zinayi, mpaka m'kalasi munalowa a Josias.

A Josias anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi, pakati pa anyamata ndi atsikana a msinkhu wa ana awo, ndipo tsiku loyamba lomwelo anawapatsa dzina lakuti a Vovo, kutanthauza agogo. Moyo wawo wonse anakankha njinga ya katundu pa malire a Kalomwe, mpaka mawondo anakana. Anali munthu wofika woyamba ndi kuchoka womaliza. Nsalu yakuda anapachika. Mzere woyera ankajambula mowongoka kuposa aliyense. Koma akatsitsa masikara, ndodo yowotcherera inkasiya njira n'kulowera kumunda, ndipo chotsala pa chitsulo chinkakhala ngati zitosi za nkhuku. Ana ankaseka, iwo n'kuseka nawo, poti munthu wamkulu akamasekedwa ndi ana amachitanso chiyani.

A Raimundo matendawo anawazindikira sabata yoyamba. Anawaona a Josias akuwerenga uthenga pa foni atatambasula mkono wonse, mutu atabweza m'mbuyo ngati foniyo ikununkha. Anadziwa. Anadziwanso kuti mankhwala ake ali m'chitini cha mabawuti. Koma munthu sungapereke mankhwala otere osaulula kuti unawadziwa bwanji, choncho kwa miyezi iwiri anaima pambuyo pa a Josias akuwauza za nkhono.

Kenako a Diretora a sukuluyo, Dona Gracinda, analengeza kuti Lachisanu likubwerali kuli ezame, mayeso a ntchitoyo. Malo anali ochepa, odikira kunja anali ambiri, ndipo amene alephere kulumikiza zitsulo ziwiri mowongoka adzasiyira anzake masikara. Aliyense m'kalasimo anayang'ana pansi kuti asayang'ane a Vovo.

Lamulungu masana kunamveka odi pakhomo pa a Raimundo. Anali a Josias, atavala jekete, tambala wofiira ali kukhwapa. A Zita anawayalira mpando pakhonde n'kubwerera pa mphasa pamene ankasankha nyemba. Atalonjerana za kunyumba ndi za mvula, mlendoyo anaika tambala pansi.

"Mesitiri, ine sindinabwere kudzazungulira," anatero a Josias. "Ndili ndi ana asanu, ndipo mawondo awa anatha. Ndikangoiona njinga amayamba okha kulira. Akandichotsa ku shikola Lachisanu, ndibwerera ku Kalomwe kukakankha matumba mpaka ndidzagwere pamsewu."

"Ndiye limbikirani," anayankha a Raimundo. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ndadekha, mesitiri. Koma ine ndi nkhonoyo yomwe sindikuiona."

Tambala anayesa kuimirira, n'kukumbukira kuti miyendo ndi yomanga.

"Ndimati mundigawireko pang'ono pokha," anapitiriza a Josias motsitsa mawu. "Kaja ka m'masikara. Sindikufuna kukuposani, ayi. Kongokwanira kuti ndione mzere."

A Raimundo anaimirira ngati alumidwa ndi linthumbu. "Mukundiyesa mfiti ine? Pakhomo panga, tsiku la Mulungu? Tengani nkhuku yanuyo!" Anakalipa mokweza kuti oyandikana nawo amve, ndipo mkwiyowo unali weniweni, ngakhale bodza limene linawakwiyitsalo anali atalilera okha zaka zinayi. A Josias anapepesa kawiri, ananyamula tambala wawo, n'kutsika msewu akutsimphina.

"Anali tambala wonenepa," anatero a Zita osadzutsa mutu. "Bamboyo maso akumuvuta."

"Mwadziwa bwanji inu?"

"Matendawa ndi ofala, bambo a Flavia. Akuti amagwira ndi mbalame zomwe."

A Raimundo anasankha kusamva.

Lolemba a Josias anagwira ntchito osayankhula ndi munthu. Lachiwiri m'mawa benchi yawo inali yopanda munthu, koma njinga yawo inali panja. Mesitiri anakawapeza kuseri kwa ofisina, atagona chagada pa matumba a simenti, tizidutswa tiwiri ta kachewere tili pa maso. Wowotcherera aliyense kuno amadziwa tanthauzo la kachewere pa maso. Moto wa chitsulo ukakuwalira m'maso opanda chotchinga, patapita maola angapo amamveka ngati wina wathiramo mchenga wotentha, ndipo poti dera lino kachewere ndi wosasowa, anthu amadula n'kuikapo kuti kuzizire.

"Mwatani, a Josias?"

"Dzulo ndinakweza masikara pang'ono," anayankha ali chigonere. "Ndimati mwina galasi lakudalo ndilo likunditchinga. Ndinangosuzumira katatu kapena kanayi. Sindinaonebe, mesitiri."

Misozi inkatsikira m'makutu mwawo, ya moto uja, ndipo mwina ina sinali ya moto. A Raimundo anaima pamenepo thumba la masikara lili m'manja, ndipo anachita manyazi. Anali manyazi a mtundu wina, osati aja anawabisitsa mandala. Munthu wamkulu anali atawotcha maso ake pofunafuna chinthu chimene iwo anakwirira pansi pa mabawuti. Anawatumiza a Josias kuchipatala kukalandira mankhwala odonthezera, n'kuwauza kuti Lachinayi abwere anzawo asanafike.

Lachinayi m'mawa analowa m'kachipinda ka zipangizo n'kukhuthula chitini chija. Kansalu kanali pomwepo. Anadabwa pang'ono kuti galasi limene lakhala zaka zisanu ndi chimodzi pakati pa dzimbiri linali loyera mbee, lopanda ndi fumbi lomwe, koma anali ndi zambiri m'mutu. Analitomola, chigoba chopanda kanthucho n'kuchibwezera m'chitini.

Ku ofisina anatembenuka kuti a Josias asaone, n'kumata galasilo m'masikara awo ndi fita yakuda.

"Valani. Lamanzere tsinzinani. Musafunse."

A Josias anavala, anajambula mzere wawo woyera, anayatsa moto. Ndodo inayenda pang'ono n'kuima.

"Mesitiri!" mawu anatuluka m'masikara. "Pali kadziwe! Kakuyenda! Kakutsatira dzanja langa!"

"Pitirizani, musaime, muboola chitsulo!"

Anapitiriza mpaka kumapeto. Atagogoda makoko a pamwamba, pansi pake panali mzere. Sunali wa Mphamba, koma unali mzere, ndipo unali pamalo pake. A Josias anausisita ndi chala usanazizire n'komwe, osamva kutentha. Kenako anavula masikara, anasuzumira mkati, ndipo anakhala akusuzumira nthawi yaitali. Munthu amene wakhala zaka makumi atatu pa msika wa pamalire amadziwa mandala a patebulo akawaona. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana mesitiri, kenako thumba limene linali kukhwapa kwa mesitiri.

"Ndi amphamvu mankhwalawa," anatero pang'onopang'ono.

"Asamve munthu."

"Pali Mulungu, mesitiri. Ndifa nazo."

A Raimundo anabwerera kunyumba tsiku limenelo ali opepukidwa. Anali atathandiza munthu ndipo dzina lawo linali lidakali lonse. Ankaona ngati agula ng'ombe pa mtengo wa mbuzi.

Lachisanu zitsulo zonse zinandandalikidwa patebulo pamaso pa Dona Gracinda, ndipo cha a Josias chinali pakati pa zabwino. A Diretora anali atatsala pang'ono kulemba pamene Odete anaimirira. Odete anali mtsikana wakhama kuposa onse m'kalasimo, amene manja ake anali ndi zipsera za miyezi iwiri, ndipo sanali woopa munthu.

"A Diretora, izi sizachilungamo," anatero. "Lolemba a Vovo amawotcherera zitosi. Lero akufanana ndi ife amene tavutika tokha. Lamulungu anthu anawaona akupita kwa mesitiri ndi tambala. Ngati ezame ikukhozedwa ndi nkhuku, mutiuze, kwathu ziliko."

Anzake anang'ung'udza movomereza. Dona Gracinda, mayi wa mapemphero amene nkhani ya chithumwa inkawasowetsa mtendere kuyambira kale, anatambasula dzanja. "A Josias, bweretsani masikara anu."

A Josias anawakumbatira pachifuwa.

"Muli chiyani mkatimo?"

"Sindinganene, a Diretora."

"Ino ndi shikola, si kachisi wa mizimu. Tsegulani tione, kapena siyani zonse mutuluke."

A Josias sanayang'ane kwa mesitiri ngakhale kamodzi, ndipo ichi ndi chimene chinawapweteka a Raimundo koposa. Akanayang'ana mopempha, mwina mesitiri akanawakwiyira. Koma bamboyo anangovula magolovesi n'kuwaika bwinobwino pa benchi. Analowetsa dzanja m'masikara, anatomola kanthu kaja n'kukafumbata osaonetsa, anaika masikara pambali pa magolovesi, n'kuyamba kutsimphinira kukhomo, kumene njinga inkawadikira. Anali kubwerera ku matumba a Kalomwe, ndi mawondo amenewo, kuti Ulongwe asadziwe kuti mwamuna wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi ali ndi maso a zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi.

Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Sananene za mbewa imene manyazi ake amaphetsa inzake.

"Imani, a Josias," anatero a Raimundo.

Anamasula thumba lawo. Ophunzira amene anali pafupi anabwerera m'mbuyo, ndipo Dona Gracinda anagwira korona wa m'khosi. Mesitiri anaika masikara awo patebulo chagada, anamatula fita yakuda, n'kukweza kagalasi kaja pakati pa zala ziwiri.

"Chithumwa chake ndi ichi. Chinzake chili m'manja mwa a Josias. Ine sindiona pafupi. Ndinasiya kalekale."

Odete anatenga galasilo, anayang'anira chala chake, n'kuona chikukula.

"Awa si mandala a agogo awa?"

Wina anaseka, ena n'kutsatira. Kuseka a Raimundo anali akukuyembekeza. Chimene sanachiyembekeze chinali mnyamata wa kumbuyo amene anafunsa ndi mawu okhumudwa kwenikweni, "Basi? Ndi chokhachi?" Anali ngati wabedwa.

"Mesitiri," anatero Dona Gracinda, "zaka zinayi ndakhala ndikuwaza madzi odalitsa pakhomo la ofisina ino Lolemba lililonse. Chifukwa cha mandala?"

"Sanapite pachabe, a Diretora. Fumbi linkachepa."

Kenako, poti madzi anali atatayika kale, anafotokoza zonse. Ananena za dzuwa lolowera kumbuyo, za nsalu yakuda, za jizi imene imawala pamene china chilichonse chada, za galasi la kunja limene likachita timadontho ta chitsulo limabisa ntchito. Zinawatengera mphindi khumi kufotokoza zimene anazibisa zaka zinayi. Atamaliza, manja awiri anakwera mwamanyazi. Anali ana amene nawonso sankaona bwino, mmodzi pafupi, wina patali, koma ankaganiza kuti chithumwa chinangowakana. Dona Gracinda analemba mayina awo kuti akapimidwe maso, ndipo pa dzina la a Josias analemba kuti akhoza. Odete anakawapepesa a Vovo, n'kufunsanso ngati tambala uja adakalipo.

Ku Ulongwe nkhani imayenda pa njinga, mwini wake akuyenda pansi. Pamene a Raimundo ankadutsa pamsika, mnyamata wina wogulitsa malaya anawafunsa mwaulemu wonse ngati awawolotse msewu. Anangodutsa. Anali kukonza mawu okanena kunyumba, ndipo mawu onse ankatuluka opotoka.

Anawapeza a Zita pakhonde, malaya a amuna awo a ku tchalitchi ali pamwendo, singano ili m'manja. Pamphuno pawo panali chigoba cha mandala chopanda galasi ndi limodzi lomwe.

"Mwabwera, bambo a Flavia. Diso langa lili kuti?"

A Raimundo anaima pa sitepe.

"Dzulo ndinapita m'chitini muja kuti ndisokere batani, ndinapeza chigoba chokha," anapitiriza a Zita. "Loyamba munatenga, ndinakhala chete. Ndinati tagawana, m'banja ndi momwemo. Tsopano mwatenganso langa."

"Munadziwa liti?"

"Tsiku lomwelo. Munthu amene sanasesepo m'nyumba anyamule bedi yekha? Mawa lake ndinachipeza. Mukapita kuntchito ndimatenga, ndimasoka, ndimapukuta, ndimabwezera pansi pa mabawuti."

"Zaka zisanu ndi chimodzi? Bwanji osagula ena?"

"Ndikanagula, mukanabanso, ndipo mukanayenera kunyamulanso bedi. Msana wanu si wa kale." Anavula chigobacho n'kuchiika pamphasa. "Komanso ndikanavala ena pamaso panu, tsiku lililonse mukanakumbukira kuti ndinu mbava. Munali ndi katundu wokwanira ndi dzina lanu lija."

A Raimundo anakhala pansi pa sitepe pomwepo. Anatulutsa m'thumba la malaya galasi limene anamatula m'masikara n'kuwapatsira ndi manja awiri. A Zita analiika pa diso, analowetsa ulusi m'singano kamodzi kokha, kenako anawasendezera nkhope amuna awo n'kuwayang'anitsitsa.

"Mwakalamba," anatero.

"Anthu andiuza kale."

"Ndimadikira zomwezo. Ndikanakuuzani ine simukanakhulupirira. Mawa tipita pamsika, masana, anthu ali ambiri. Mukayesere pa nyuzipepala ngati wina aliyense. Mugule atatu, ena akhale a bambo wa tambala uja, abweze diso langa."

Anasokera batani, analuma ulusi, n'kuwapatsa malayawo pamodzi ndi galasi. A Raimundo sanadziwe chochita ndi manja awo, choncho anakweza galasilo pa diso lamanja, lamanzere n'kutsinzina mwa chizolowezi, n'kuyang'ana malayawo. Pa kolala panali potembenuzidwa. Pa chigongono panali chigamba chimene sanadziwe kuti chilipo, ndipo kukhwapa kunali china. Ulusi wake unali waung'ono, wofanana, woyenda mowongoka osaphonya njira, ndipo wonsewo unasokedwa ndi diso limodzi, mobisa, iwo ali kuntchito kuphunzitsa anthu kuona. Anatsatira mzerewo ndi chala mpaka kumapeto, kenako galasi linachita nkhungu, ndipo analipukuta ndi malaya omwewo.